Madzi a Eni Maliro

"Masiku atatu," anatero a Kingsford Njobvu, atakweza zala zitatu kuti ndi ogontha omwe amve. "Masiku atatu atate anga atabereka mzungu kumsana, m'nkhalango ya ku Burma, zipolopolo zikugwa ngati matalala."

Ankauza amuna anayi amene ankadikira minibasi ya ku Lusaka pamthunzi wa golosale ya pa Chinyunyu. Amunawo anagwedeza mitu, popeza minibasi inali isanafike ndipo kunalibe kwina kothawira. Rosina, mlongo wawo wa a Kingsford, ankaunjika mango patebulo lake m'mphepete mwa mseu, ndipo sanadzutse mutu. Mu Ogasiti, kalata yoyamba itangofika kuchokera ku Scotland, mzungu ameneyu anaberekedwa tsiku limodzi. Mu Seputembala masiku anakhala awiri, ndipo panaonekera mtsinje. Tsopano mu Novembala mumtsinjemo munali mutalowa ng'ona. Rosina anaona kuti mlendo amene ankayembekezedwayo akachedwa mpaka Khirisimasi, atate awo adzakhala atamubereka msilikaliyo mpaka pakhomo pa amake.

A Kingsford sanali munthu wabodza kwenikweni. Anali munthu amene anasunga mafayilo a boma zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, poyamba ku Chongwe, pambuyo pake ku Rufunsa, ndipo anaphunzira kuti fayilo yopyapyala palibe bwana amaitsegula. Anapuma pantchito zaka zisanu zapitazo, koma ankayendabe ndi zolembera zitatu m'thumba la shati, kuopa kuti boma lingawafune mwadzidzidzi.

Nkhani imene Rosina ankaidziwa inali yaifupi ndipo inalibe ng'ona. Atate awo, a Gershom, anamuuza kamodzi kokha, chaka chimene iye anabereka mwana wake woyamba. Anapita ndi khandalo kukawaonetsa, nalitambasula kuti alilandire, koma iwo anabisa manja kumbuyo nati mwana ngwabwino, mphuno ndi ya kwathu. Rosina analira. Dzuwa litapendeka atate anamuitanira kumunda, ndipo analankhula akupalira, osamuyang'ana.

Anali mnyamata wa kwa Katete amene ananama zaka kuti alowe usilikali. Anawakweza sitima yapamadzi, nakawatsitsa m'dziko la mvula yosatha, kuti akamenyane ndi Ajapani amene anali asanawalakwire chilichonse. Sajeni wawo anali Callum Rennie, wa ku Scotland, munthu wa tsitsi lofiira amene ankatukwana m'Chinyanja chomveka bwino ndipo ankagawira anyamata ake fodya. Tsiku lina, mu 1944, akukwera phiri, bomba linagwa pakati pawo. Sajeni anafera pomwepo, asanatsirize mawu amene ankanena. Kaputeni analoza Gershom nati, mukwirire. Gershom anakumba ndi kafosholo ka nkhondo, ndipo pamene mizu inakana, anakumba ndi manja. Anamutseka maso, anamukulunga m'bulangete, anamugoneka, anakwirira.

Atatha anafunsa funso limene munthu aliyense wa kwa Katete akanafunsa: eni maliro ndani, kuti andithire madzi? Kwawoko, amene wakumba manda ndi kugwira mtembo sabwerera kwa anthu ndi manja omwewo. Eni maliro amamuthira madzi, namuuza kuti wagwira ntchito, namupatsa nkhuku. Akatero ndiye kuti maliro amutaya. Kaputeni, amene ankafulumira, anati mwini wa asilikali onse ndi mfumu ya ku Mangalande. Gershom anadikira. Mfumuyo sinabwere.

Kuyambira pamenepo manja awo anakhala a maliro. Kusamba ankasamba, ndipo banja litasamukira ku Chinyunyu anakhala pafupi ndi kasupe wa madzi otentha amene anthu amachita kuchokera ku Lusaka kudzawaona, koma iwo ankati kumeneko nkuchotsa litsiro chabe. Sankapereka moni wa dzanja. Sankapisa dzanja m'mbale ya anthu ena. Ankadya ndi sipuni, m'mbale yawoyawo, ngati wodwala m'chipatala. Mbewu sankagwira: iwo ankakumba maenje, akazi awo akuponya chimanga m'mbuyo. Ana anabadwa asanu ndi mmodzi, zimene zikusonyeza kuti lamuloli linali ndi malire ake, koma palibe mwana amene ananyamulidwapo ndi atate wake. Ngakhale mbama ya atate anawo sanailawepo, ndipo ana a anthu ena ankawachitira nsanje.

Ansembe atatu otsatizana anayesa. Wachitatu, wochokera ku Poland, anawathira madzi odalitsidwa m'manja onse awiri pamaso pa mpingo. A Gershom anathokoza mwaulemu, nafunsa ngati abambowo anali ndi ubale uliwonse ndi Sajeni. Atamva kuti ayi, anabwerera ku sipuni yawo.

A Kingsford nawonso nkhaniyi ankaidziwa. Anangoiona kuti njopyapyala.

Chaka chino mtima wa a Gershom unali utatopa. Ku kiliniki ananena mosabisa kuti chimanga cha mvula ikubwerayi sadzachidya. Iwo anamva, ngakhale zinthu zina zambiri sankamva, ndipo anaitana Rosina namupatsa malangizo. Akamwalira, manja awo awakulunge m'chiguduli cha saka, amange ndi luzi, kuti osambitsa mtembo asawakhudze. Ndipo asakawaike pafupi ndi akazi awo, amake Kingsford, amene anagona kumanda a mpingo zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Akawaike kumalire, kumene udzu umayambira. Mkazi uja anavutika nawo mokwanira ali moyo.

Rosina anati wamva. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu, mwamuna wake anamwalira, ana anali ku Lusaka ndi ku Kabwe, ndipo iye ndiye ankawadyetsa atate, kuwatembenuza ndi kuwasambitsa. Powasambitsa ankakweza manja m'mwamba ngati munthu wogwidwa ndi apolisi, mpaka iye atamaliza. Choncho sanachite kufunsa kuti luzilo adzamanga ndani. Ngati ankakhulupirira za manjawo kapena ayi, iye mwini sankadziwa. Funsolo linali litakhala nthawi yaitali pamalo amodzi mpaka linasiya kupweteka, monga chala chimene unachigonera.

Ndiye kunabwera kalata. Sajeni Rennie anasiya mwana mmodzi, wamkazi, dzina lake Morag, amene tsopano anali nkhalamba. M'makalata amene atate wake ankalemba kuchokera kunkhondo munali dzina la msilikali Gershom wa kwa Katete, amene ankatha kukoleza moto mvula ikugwa. Mdzukulu wa mayiyo anafufuza, bungwe lina la asilikali akale ku Lusaka linathandiza, ndipo kalata inafika m'manja mwa munthu yekhayo m'banjamo amene anali ndi Chingelezi cha muofesi. A Kingsford anayankha masamba anayi. Mayiyo analemba kuti akubwera.

Amuna anayi aja atakwera minibasi yawo, Rosina anaitana mlongo wake kuti adzadye mango. Anawasankhira lalikulu, anadikira kuti alilume, kenaka ananena zimene zinali kumtima. Mayi amene akubwerayu ndiye mwini maliro. Wina kulibe, ndipo sadzabweranso. Pa pulogalamu paikidwe kamphindi koti awathire atate madzi.

A Kingsford anatulutsa pulogalamuyo m'thumba ndi dzanja louma. Inali yotayipidwa ku Rufunsa, ya mfundo khumi ndi zinayi. Panali pemphero, nyimbo ya fuko, kwaya, mawu olandira alendo, mbiri ya banja la Njobvu, mbiri ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndi zina. Dzina la wolankhula linali lomwelo m'malo asanu ndi limodzi.

"Iwe Rosina," anatero, "munthu wakwera ndege ziwiri kuchokera ku Ulaya, ukampatse beseni? Atiyesa anthu otani? Manje tili mu 2019."

Anawonjezera kuti kukubwera khansala ndi munthu wa ku boma, ndiponso kuti makalata anapita kale ndi nkhani ya kubereka. Munthu sungamubereke masiku atatu atafa kale tsiku loyamba. Fayilo ingatsutsane yokha. Za manjazo ndi ukalamba. Atate akamwalira adzaikidwa pamene banja lidzagwirizane, ndipo mutu wa banja ukudziwika.

"Luzi mudzamanga ndinu, achimwene?" anafunsa Rosina.

A Kingsford anati mango a chaka chino ali ndi ulusi wambiri, napita kukaona za mipando.

Loweruka linafika ndi dzuwa la mu Novembala, lija limene limaotcha ngakhale mthunzi. Pabwalo la a Gershom panamangidwa tenti yobwereka ku mpingo, panaikidwa tebulo la nsalu yoyera ndi maluwa apulasitiki, ndi maiki imene inkalira yokha ikasiyidwa. Anthu anadzaza kuyambira m'mawa. Amayi a kwaya anavala zitenje zofanana. A Gershom anavekedwa jekete la a Kingsford, limene linawameza mpaka zala, nakhazikidwa pampando wa ndalema pakati penipeni. Pofika teni koloko anali atagona.

Mlendo anafika dzuwa lili paliwombo. Woyendetsa galimoto, a Fredrick, bambo wa mimba yaulemu wochokera ku Nyimba, anafotokoza kuti anatsekeredwa kumbuyo kwa malole pazitunda. Ananenanso, momveka bwino komanso kawiri, kuti fili koloko akunyamuka: ndege ya amayiwa ndi ya mawa m'mawa, ndipo iye mseu uwu sauyenda mumdima. A Kingsford anamvetsera mmene ankamvetserera madandaulo a anthu ku ofesi, nati zaganiziridwa.

Mayi Morag anali wamfupi, wa tsitsi loyera lometa ngati la mwamuna, mphuno itapsa kale ndi dzuwa. Wina ku hotela anali atamumanga chitenje chimene chinkafuna kubwerera ku Lusaka pachokha, ndipo paphewa anakolekera botolo lachitsulo la madzi. Anadutsa khansala, anadutsa munthu wa ku boma, napita molunjika pampando wa ndalema. Anawerama, natambasula dzanja.

A Gershom anatsegula maso, anaona dzanjalo, nalowetsa manja awo m'khwapa.

Dzanja la mayiyo linakhala m'malere kanthawi. A Kingsford anathamangira kukafotokoza m'Chingelezi kuti uwu ndi mwambo wa asilikali akale, ulemu waukulu zedi. Rosina anakolopa ku kiliniki zaka khumi ndi ziwiri, ndipo Chingelezi chimene anatola kumeneko chinkakwana kumva bodza. Anabwerera kumene amayi ankaphika, nakhala pamalo poti aziona tenti.

Pemphero linatenga nthawi yake. Nyimbo ya fuko inaimbidwa ndime zonse. Khansala analankhula za mlatho. Munthu wa ku boma anapereka moni wa bwana wake amene analephera kubwera chifukwa cha ntchito zina, moni wotalika kuposa mmene bwanayo akanalankhulira. A Kingsford analandira alendo, kenaka anayamba mbiri ya banja la Njobvu kuchokera kwa agogo amene anapha mkango ndi mpini. Anthu ankadzikupiza ndi mapulogalamu. Mayi Morag ankamwa pang'onopang'ono m'botolo lake, maso ali pa nkhalamba yogonayo.

Itakwana thu koloko anali pa mfundo yachisanu ndi chimodzi, ndipo mlendo anapatsidwa mphindi zitatu.

Analankhula motsitsa, a Kingsford akumasulira mokweza. Anati anabadwa patapita miyezi inayi atate wake atafa. Amake analandira pepala la mizere inayi, ndipo analisunga m'chitini cha mabisiketi mpaka imfa yawo. Dzina la atate wake linalembedwa pakhoma lina ku Burma, pamodzi ndi mayina a anthu amene matupi awo sanapezeke. Iye anakula akudziwa kuti munthuyo anangosowa m'nkhalango. Kenaka inafika kalata ya a Kingsford, ya masiku atatu. Anati akuthokoza, koma kuyambira pamenepo sagona bwino. Anagwira unamwino zaka makumi anayi, ndipo akudziwa chimene masiku atatu amachita ndi bala la bomba m'dziko lotentha. Choncho wabwera ndi mafunso awiri: kodi anavutika kwambiri? Ndipo ananenapo kanthu?

A Kingsford anawerama pakhutu la atate awo, nanong'ona. A Gershom anafunsa ngati tiyi wapsa. A Kingsford anaweramuka ndi nkhope yolemera, nalengeza m'zilankhulo ziwiri kuti Sajeni anapirira ngati mwamuna, anaimba nyimbo ya Mulungu tsiku lachitatu, nati mukapereke moni ku Scotland.

Amayi a kwaya anadandaula chapansipansi. Mayi Morag anatulutsa kabuku, nalemba. Rosina anayang'ana cholemberacho chikuyenda. Chinayenda mizere itatu.

Anadzuka, anapukuta manja pachitenje, napita kumene galimoto inaima pansi pa mtengo wa mango. A Fredrick anali atatsegula zitseko zonse, akudya mtedza. Rosina anagwada pang'ono, napempha kuti amubwereke pakamwa. Anafotokoza mwachidule za manja a atate. Munthu wa ku Nyimba, kumene mwambo ndi womwewo, sanafunike kumuuza kawiri.

"Zaka zingati?" anafunsa.

"Makumi asanu ndi awiri ndi zisanu."

A Fredrick anavula kapusi. Anayang'ana wotchi, nati vuto ndi lakuti mayiyo amukhazika pakati pa khansala ndi boma, ndipo kumeneko munthu satuluka popanda chifukwa.

Chifukwa chinapezeka chokha. Munthu amene wamwa madzi kuyambira ku Lusaka amafika pofuna chinthu chimene sichinalembedwe pa pulogalamu. Mayi Morag ananong'oneza mayi wina wa kwaya, mayiyo anakodola Rosina, ndipo Rosina anatsogolera mlendo kuseri kwa nyumba, kudutsa khola la mbuzi, mpaka pachimbudzi chimene a Kingsford anachipaka laimu dzulo lake. A Fredrick anatsatira patali, naima moyang'ana nkhokwe, popeza mwamuna sayang'ana kumene amayi apita. Zonse zimene zinanenedwa pamenepo anazimasulira akuuza nkhokweyo.

Mayiyo atatuluka, Rosina anamuthira madzi m'manja ndi kapu, namupatsa sopo.

"Muwauze kuti atate sanabereke munthu," anatero.

Nkhokwe inauzidwa m'Chingelezi. Mayi Morag anasiya kupaka sopo.

Rosina anapitiriza ndi mawu amene munthu amawerengera nawo mitengo ya mango. Kunalibe mtsinje, kunalibe nyimbo. Bomba linagwa, Sajeni anafera pomwepo, asanatsirize ndi mawu omwe. Achimwene si munthu woipa, koma amakonda nkhani yonenepa. Chimene atate anachita ndi kukumba dzenje, kutseka maso a malemu, kuwakulunga ndi kuwakwirira.

Mayiyo anafunsa ngati anati pomwepo. Rosina anati pomwepo. Anafunsanso kachiwiri, ndipo yankho silinasinthe. Kenaka anafunsa ngati wamva bwino kuti atate wake anaikidwa m'manda, ndi munthu, osati kusiyidwa pamtunda. Rosina anati ndi munthu amene ali m'jekete uyo.

Mayi Morag anatsegula kabuku kake ndi manja a thovu, anayang'ana mizere itatu ija, natseka. Sanalire. Nkhope yake inali ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni koma khosi silinamve. Anafunsa kuti nanga mawu amene sanatsirizidwewo anali otani. Rosina anazengereza, chifukwa sanali mawu oyenera ndege ziwiri. Sajeni ankakalipira msilikali wina kuti masokosi onyowa amaoletsa mapazi.

Mayiyo anatulutsa kamphepo m'mphuno, kamene mwina kanali kuseka. Anati amake ankanena kuti anali munthu wotero.

Pamenepo Rosina ananena za madzi. Ananena za dzanja limene linakanidwa masana, za sipuni, za mbewu, za luzi ndi za kumalire a manda. A Fredrick anawonjezera zawo kunkhokweko, popeza zinthu zina Chingelezi chimafuna kuchithandiza. Mayi Morag anamvetsera mpaka kumapeto. Monga namwino, anafunsa funso la ntchito: madziwo akhale otani, owiritsa, odalitsidwa, a mankhwala?

"Akhale awo," anatero Rosina.

Mayiyo anagwedeza botolo lake pafupi ndi khutu. Munali mutatsala theka.

Pobwerera anapeza a Kingsford ali pa mfundo yachisanu ndi chinayi, pakati pa mtsinje, madzi akufika m'khosi, ng'ona zikuyandikira. Wotchi ya a Fredrick inkati kwatsala mphindi makumi awiri. Rosina anatenga beseni la pulasitiki limene ankasambitsira atate, nadutsa nalo kutsogolo kwa tebulo la nsalu yoyera, atawerama mwaulemu monga munthu amadutsira pamaso pa akuluakulu. A Kingsford anamuponyera diso. Iye anagwada pafupi ndi mpando wa ndalema, naika pakamwa pakhutu la atate.

"Atate. Eni maliro abwera."

A Gershom anatsegula maso. Sanafunse za tiyi.

Mayi Morag anagwada kutsogolo kwawo. Maondo ake analira onse awiri, ndipo anthu a kumbuyo anaimirira kuti aone. A Kingsford anayesa kutsiriza chiganizo chawo, koma ng'ona zinali zitataya omvera. Anatsitsa maiki, ndipo dzanja lawo linalendewera nayo pafupi ndi beseni.

Nkhalambayo inamuyang'ana mayiyo nthawi yaitali. Inafunsa kuti iyeyu ndi ndani kwa malemu. A Fredrick, amene tsopano anali atanjuta pambali, kapusi ili m'manja, anati ndi mwana wawo. Inafunsa ngati ali woyamba. Anati ndi yekhayo. Inafunsa ngati amake alipo, ngati abale a Sajeni alipo, amalume kapena wina wamkulu. Anati onse anapita. Watsala ndi ameneyu.

A Gershom anadziwongola m'jeketemo. Mawu awo anatuluka owuma koma olunjika, ngati a msilikali amene akupereka lipoti.

"Atate ako tinawaika. Bulangete linali lawo lomwe. Mutu ndinalozetsa kolowera dzuwa, chifukwa ndinamva kuti kwanu nkomweko. Dzenje linangofika m'chiuno. Mizu inandikaniza. Pamenepo undikhululukire."

A Fredrick anamasulira. Mayi Morag anati m'chiuno mpokwanira. Kenaka a Fredrick anamunong'oneza mawu awiri a Chinyanja, nawabwereza, ndipo iye anawanena mmene anathera, atawathyola pakati.

"Mwagwira ntchito."

Palibe anaseka. A Gershom analoza botolo ndi chibwano, nafunsa ngati madziwo ali ake. Atauzidwa kuti wabwera nawo yekha ndipo wakhala akumwa omwewo, anapinda manja a jekete pogwiritsa ntchito mano ndi zigongono, popeza panalibe amene akanawathandiza. Anatulutsa manja, nawatambasula pamwamba pa beseni, zikhatho zili m'mwamba. Rosina ankawaona manjawo tsiku ndi tsiku, koma anali asanawaonepo atatsegulidwa. Anali aang'ono kuposa mmene ankaganizira.

Mayiyo anathira. Madzi anagwera m'beseni, ndipo maiki ya a Kingsford inatola phokoso lake n'kulitumiza pabwalo ponse mpaka kumseu, kumene ogulitsa makala anatembenuka. A Gershom anasamba mosafulumira, chala chimodzichimodzi, kuseri ndi mkati, mpaka m'botolo munatsala madontho. Anakung'untha manja, nawapukuta pa jekete la a Kingsford.

Kenaka anafunsa za nkhuku.

Amayi a kwaya anayang'anana. Nkhuku zonse za tsikulo zinali kale mumphika, kupatula thadzi limodzi lakuda limene linamangidwa miyendo pansi pa tebulo, kudikira mfundo yakhumi ndi chiwiri, ya mphatso kwa mlendo wolemekezeka. Mayi wina wa kwaya analitulutsa, nalipereka kwa a Kingsford, chifukwa pulogalamu inkati opereka ndi iwowo. A Kingsford anayang'ana nkhuku, anayang'ana khansala, nalipereka kwa mayi Morag ndi manja awiri. Mayi Morag analigwira mmene amagwirira khanda, natembenuka, naliika pamiyendo pa a Gershom. Thadzilo linayenda mapazi anayi okha, koma linafika lili la anthu ena.

A Gershom analigwira pachifuwa, anati lili ndi mnofu, nalola kuti alichotse. Atatero anatambasula dzanja lamanja. Mayi Morag analilandira. Anagwirana kanthawi, osagwedeza, a Gershom akuyang'ana tsitsi la mayiyo ngati akufunamo kufiira.

Rosina anali ataimirira ndi beseni, kuti lisagubuduzidwe.

"Mwaona?" anafunsa a Gershom, akuyang'ana anthu.

Anthu anati taona. Amayi a kwaya anatero, a Fredrick anatero, khansala amene sanamvetse bwino chimene chachitika anateronso, kuopa kutsalira. A Kingsford anakweza maiki, nanena kuti monga mmene alendo aonera, banja la Njobvu limasunga mwambo, ndipo mfundo imeneyi anaisiya dala pa pulogalamu kuti ikhale yodzidzimutsa. Kenaka nawonso, maiki itatsika, anati aona.

"Basi," anatero a Gershom. "Mukandiike pafupi ndi amake Kingsford."

Munthu wa ku boma ndiye anayamba. Anadzuka kudzagwira dzanja la nkhalambayo, khansala anatsatira, kenaka a Kingsford, amene anagwira dzanja la atate awo nthawi yaifupi kwambiri ngati lotentha, nabwerera kutebulo kukasanja mapepala osanjika kale. Pambuyo pawo panapangika mzere, wa amayi a kwaya, oyandikana nawo nyumba, ndi anthu ena amene anangobwera kudzadya. A Fredrick anapita kukaliza injini.

Rosina anaimabe pambali. Anayembekeza kuti m'chifuwa muchitika kanthu, ndipo anapereka mpata, koma munali zii. Manja ake onse awiri anali pa beseni. Madziwo anali oyera ngati sanasambemo munthu, ndipo iye sankadziwa malamulo ake, popeza m'nyumba mwawo anali asanalowemo madzi otere. Anadikira kuti mzere uchepe, nawerama pakhutu la atate, nafunsa kuti akawataye kuti.

"Paliponse," anatero a Gershom, dzanja lili m'dzanja la munthu wina. "Ndi madzi chabe."